Makina Omva Malamulo Olemba

A Zakeyo anabwera ku Liverpool kudzacheza kwa mwana wawo Agatha, namwino, ndipo pa sabata yachitatu anagwa m'bafa. Sitiroko inawalanda dzanja lamanja ndi lilime, koma nzeru zinatsala zonse. Agatha ankawaona akufuna kunena kanthu, milomo n'kumangonjenjemera, iye n'kutulukira kukhitchini kukapukuta misozi.

Kuchipatala anawapatsa tabuleti, kakompyuta ka m'manja kolozapo zithunzi: kapu, bedi, chimbudzi. Anaiyang'ana kamodzi n'kuikankhira kutali. Munthu amene anagwira ntchito yaukalaliki zaka makumi atatu pa esiteti ya tiyi ku Thyolo azilozanso zithunzi ngati mwana wa kumkaka?

Tsiku lina ali m'basi pochokera kuntchito, Agatha anakumbukira zomwe bambo ake ankakonda kunyadira. Kompyuta yoyamba itafika ku esitetiko, azungu omwe ankaiopa. Inalibe mausi, inalibe chithunzi, galasi lakuda bii. Unkalowetsa disiki ya DOS kuti makinawo adzuke, kenaka ina ya ntchito, ndipo chilichonse unkachita kulamula polemba. A Zakeyo anali ataphunzirako kwina kompyuta ina yakale kuposa imeneyo, ya CP/M, choncho malamulo a DOS anawaloweza m'masabata awiri.

Agatha anauza mwamuna wake Ralph kuti asake kompyuta yotero. Ralph anazungulira misika ya zinthu zakale Loweruka lililonse, mpaka anabwera atasenza chibokosi chachikasu ndi ukalamba, chonunkha fumbi.

Atachiyatsa chinalira ngati chigayo chakutali. Pagalasi panatuluka chilembo A ndi kamzere kophethira. A Zakeyo anawongola msana. Anatambasula dzanja lamanzere, chala chikusaka, nalemba DIR. Mayina a mafayilo anatsetsereka, iwo n'kugwedeza mutu ngati akumana ndi mnzawo wakale pamsewu.

Kenaka analemba pang'onopang'ono: AGATHA.

Makinawo anayankha kuti lamulo limenelo sakulidziwa. Mkuluyo anaseka, kuseka kwa mbali imodzi ya kamwa, koyamba chidwalireni.

“Ndili pano, bambo,” anatero Agatha atagwada pambali pa mpando. “Lembani, ndikuwerenga.”

Zinawatengera nthawi. Ralph anaima pakhomo osapuma n'komwe.

UKUONDA. IDYA.

“Inuyo ndiye mukudwala, bambo.”

NDIMAKUMVA KUKHITCHINI.

Agatha anatsamiza mutu pa bondo lawo. Dzanja lija linachoka pa zilembo n'kukhala pa tsitsi lake, lolemera, lofunda. Linakhala pamenepo mpaka galasi la pawindo linachita nthunzi.

Agatha atadzuka, anapeza Ralph atakoka mpando, akufunsa apongozi ake kuti disiki yachiwiri imalowa pati. A Zakeyo anamumenya pang'ono pa dzanja, poti anali ataigwira chadodolido, ndipo anayamba kumuphunzitsa.