Pakamwa pa Moven

Chaka chimene fakitale ya sopo ya ku Heavy Industrial Area inachotsa antchito ambiri, timu yake ya basiketibo inaloledwa kutenga wosewera watsopano mmodzi yekha. Zinthu zinali zitakwera mtengo, ndipo mabwana ankangofuna chifukwa choti timuyo ithe. Ba Cephas, kochi wa timuyo, mtima wawo unali pa Moven, mnyamata wa ku Chawama. Koma Ba Philomena, amene ankayendetsa timu, dzina limenelo sankafuna n'kulimva komwe.

"Uja mwana pakamwa ni pa moto," anatero Ba Philomena. "Ku komboni ya George anatukana refa pamaso pa bantu. Kulikonse bamupitikisa."

"Tiyeni chabe mukamuone," anachonderera Ba Cephas.

Loweruka anakamupeza pa bwalo la kuseri kwa tchalitchi, atavala nsapato zong'ambika, wamtali ngati mtengo wa magetsi. Atangogwira mpira anazemba uyu, kuzemba uyo, n'kulumpha mpaka kuulowetsa mu ling'i ndi manja onse. Ba Cephas anakuwa ngati aponda moto. Chipewa anachiponya m'mwamba, chinakagwera mu beseni ya mayi wogulitsa vitumbuwa, ndipo m'malo mopepesa anayamba kuvina ndi mayiyo.

Masewero atatha Moven anabwera akudzikupiza ndi malaya. "Ndimwe ba kochi ba ku sopo? Timu yanu imasewela monga yadwala malungo."

Ba Cephas anaseka mpaka misozi. Ba Philomena sanaseke.

Mu minibasi anakangana njira yonse. Ba Cephas ankadziwa kuti mayiwa sakunama: munthu wa mwano amagawanitsa anzake, ndipo akangotukwana pamaso pa mabwana, timu yatha. Komabe akakumbukira kulumpha kuja, miyendo yawo inkavina yokha pansi pa mpando.

"Chabwino," anatero Ba Philomena akutsika. "Koma ayambe akaimbile mpila wa bazimai ba pa maliketi ya Matero. Akapilila, nizamutenga."

Lamlungu masana anamupatsa Moven wezulo. Azimayiwo ankasewera netibo atamanga zitenje m'chiuno, ndipo ulemu kwa refa analibe. Akaliza wezulo, ankamuzungulira. Akapanda kuliza, ankamuzunguliranso.

"Iwe katali, unaphunzila kuti?" anakalipa Ba Eneless ogulitsa kapenta, n'kumutsomphola wezulo pakamwa, n'kuiliza okha.

Ba Cephas anaona Moven akutsegula pakamwa, mawu atafika kale pa lilime. Mnyamatayo anayang'ana kumwamba, anameza mawuwo, kenako anawerama n'kutambasula manja onse awiri.

"Ba mayo, napapata, nibwezeleni."

Bwalo lonse linaphulika ndi phwete. Ba Cephas anathamanga mozungulira bwalo akuwomba m'manja, mpaka nsapato imodzi inavuka.

Moven anatuluka thukuta lili kamukamu. "Ba kochi, aba bazimai ni nkhondo. Ba refa bamavutika, ka."

"Mailo ubwele ku trening'i," anatero Ba Philomena, kutanthauza mawa lake. "Ukachedwa, uzabwelela kuli Ba Eneless."

Mwano sunathe wonse. Pa masewero ake oyamba anauza mnzake kuti manja ake ndi a phala, ndipo Ba Cephas anamukhazika pa benchi. Moven anakhala pamenepo atatupa masaya, kenako anadzuka yekha kukapepesa. Atabwerera m'bwalo anagoletsa mpaka mabwana a fakitale anaimirira n'kumawomba m'manja, ndipo Ba Cephas anapita kwawo ku Lilanda mawu atasasa.