Chitseko cha kwa Dona Leonor

"Miyendo iyi Mulungu anangondibwereka, akufuna ndikabweze ili yonse," anadandaula a Belmiro atagwira khoma, akupumira m'mwamba.

"Mukabweza yotsalayo. Tiyeni," anayankha akazi awo, mayi Deolinda, osacheuka n'komwe.

Mvula yozizira ya Januwale inali itawakakamira chitsikireni basi mumzinda wa Porto, ija yobwera chammbali, yosaopa ambulera. Kuchokera kwawo kumapiri a Barroso anali atatenga kapepala kamene mwana wawo Graciete anawalembera malo oti akaone, ndipo pofika masana anali atakamaliza. Siteshoni ya matailosi abuluu anaiona, a Belmiro n'kunena kuti ndi bafa labwino ndithu. Mlatho wachitsulo anauwoloka, mphepo n'kuwalanda a Belmiro chipewa n'kuchipereka kwa mtsinje. Nsanja ya tchalitchi anangoiyang'anira pansi, chifukwa a Belmiro anati Mulungu akawafuna kumwamba adzatumiza yekha galimoto.

Koma zonsezo kwa mayi Deolinda kunali kungodutsa. Iwo anadzera nyumba imodzi.

M'nyumbayo analowamo ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, atavala nsapato zamatabwa, kudzagwira ntchito kwa Dona Leonor, mkazi wa munthu wogulitsa vinyo. Anakhalamo zaka zisanu ndi zinayi. Zaka zonsezo sanalowerepo pakhomo la kumaso, ndipo sanakhalepo pampando m'chipinda chodyera. Ankalowera kukanjira ka kuseri, kodutsa pa zinyalala, ndipo ankadya chiimire kukhitchini. Tsopano Dona Leonor anali atagona kalekale, adzukulu atagulitsa nyumba, ndipo m'nyengo yotentha yapitayi munatsegulidwa malo odyera. Graciete atawaonetsa chithunzi pafoni, mayi Deolinda anaika chala pagalasi nati, "Undisungitsire tebulo ili la pafupi ndi moto. Mpando uwu."

"Kumunsi kuja ndamva fungo la zam'mimba ndi nyemba," anayesanso a Belmiro. "Mbale yodzaza, munthu mpaka kumasula lamba. Kumene mukundikokeraku akandipatsa kansomba konga chala pambale yonga gudumu."

"Zaka makumi anayi ndi zisanu ndakuphikirani zam'mimba, mpaka mwasanduka zam'mimba nokha. Lero mudya zofuna ine."

Chitseko chinali chomwecho: chobiriwira, cholemera, chokhala ndi kadzanja kamkuwa kogogodera. Kadzanjako mayi Deolinda ankakapukuta m'mawa uliwonse, pochita kuzungulira msewu wonse kuchokera kuseri. Anakayang'ana nati, "Sakapukuta." Kenako anakankha chitseko, naponda mkati.

Anawachingamira ndi mkulu wa malowo, Fausto, mwamuna wa suti yothina ndi ndevu zometedwa ngati anachita kuyeza ndi lula. Anayamba wapereka moni kwa jombo zawo, kenako kwa chikhoti chakale cha a Belmiro, nkhope n'kumalizira.

"Mayi Deolinda Barreira, anthu awiri, tebulo la pamoto," anatero mayiwo.

Fausto anakanda ndi chala pagalasi la kakompyuta kamene kanali m'manja mwake. "Pepani kwambiri, agogo. Tebulo limenelo taliphatikiza ndi ena, tili ndi gulu la alendo akunja. Koma musadandaule, ndakusungirani pena pofunda bwino, kuchipinda cha kumbuyo, pafupi ndi khitchini. Tsono kuti musavutike kudutsa pakati pa anthu ndi zonyowazi, mungotuluka pang'ono, mukhotere kumanzere, muona kanjira. Kuli khomo lina."

A Belmiro anaimba mluzu wapansipansi. "Aphwanga," anatero, "pa misewu yonse ya Porto mwasankha kuponda pamene pagona njoka."

"Kanjira kamene kali ndi mwala wogwedera pa sitepe yachitatu?" anafunsa mayi Deolinda.

"Mukukadziwa?"

"Kamandidziwa."

"Ndiye zakhala bwino, agogo."

"Agogo ako ali kwanu. Ine ndalowera apa, ndipo ndidya apo." Analoza ndi ambulera m'chipinda chodyera, momwe alendo khumi ndi anayi ankavula mipango ndi kujambula denga.

"Mayi, chonde. Mpando ndi mpando, chakudya ndi chimodzimodzi."

"Ngati mpando ndi mpando, apititseni iwowo kukanjira."

Fausto anamwetulira ndi mano okha. "Sizitheka."

"Ndiye ndiima pompano. Malo ano ndinawazolowera."

Anaimadi, kuseri kwa chitseko, madzi akudontha m'chikhoti. A Belmiro anakhala pa benchi la apo n'kuyamba kusisita mawondo. Ankawadziwa akazi awo: kwawo anakhalapo miyezi itatu osalankhula ndi wansembe chifukwa cha nkhani ya mbuzi.

M'chipinda muja woperekera zakudya wina anagwada pamoto n'kuyamba kuyatsa nkhuni, alendo akuwomba m'manja. Mayi Deolinda anatukula nsidze.

"Moto uwo mwausonkha kangati chitsegulireni?"

"Lero n'koyamba," anayankha Fausto monyada. "Ochotsa mwaye amaliza chumuni dzulo."

"Bambo a Graciete, chipewa chanu chija chinaulukira kuti?"

"Kumtunda kwa mtsinje. Pano chikuyandikira kwathu, chikafika ife tisanafike."

"Ndiye mphepo ikuchokera kunyanja," anatero mayi Deolinda, napinda manja pachifuwa. "Tidikire."

Sanadikire nthawi. Utsi unayamba bwinobwino kukwera, kenako unasintha maganizo. Unabwerera, n'kutulukira pakamwa pa chumuni ngati nkhosa zothawa m'khola. Mayi wina wa tsitsi lofiira anayamba kutsokomola. Bambo wina wamtali anaimirira, mutu wake n'kulowa mumtambo. Kabelu ka padenga kochenjeza za moto kanayamba kulira mobaya m'makutu.

"Tsegulani mazenera!" anakuwa Fausto.

Anatsegula. Utsi unangoti zikomo, n'kuwirikiza. Alendo a pafupi ndi moto anathawira kukona atanyamula matambula a vinyo. Wowatsogolera, mayi wa kambendera kachikasu, anamuuza Fausto maso ali misozi kuti mphindi zisanu zikatha chonchi, atenga anthu ake onse n'kupita nawo kutsidya kwa msewu.

"Bweretsani ndowa ya madzi!" anakuwanso Fausto.

"Thirani," anatero mayi Deolinda kuchokera pakhomo. "Phulusa lidzaze m'mbale zonse, alendo adye nsomba yonona ndi mwaye."

Fausto anaima pakati pa khomo ndi chipinda, tayi ili paphewa.

"Aphwanga," anatero a Belmiro ali phee pabenchi, "galu wamkota sakandira pachabe. Mayi awa anausonkha moto umenewo zaka zisanu ndi zinayi, inu musanaganiziridwe n'komwe. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ine ndikanafunsa."

Fausto anatembenukira kwa mayi Deolinda. "Mayi, ngati mukudziwa kanthu, chonde."

"Ndaiwala."

"Mayi!"

"Mutu wangawu ndi wokalamba. Ndikaimirira nzeru zimatsikira m'jombo. Mwina nditakhala pansi."

Mpando uja tsopano unali wopanda munthu, ndipo mayi wa kambendera anati aliyense wofuna kukhala mu utsimo akhale, atenge ndi tebulo lomwe. Mayi Deolinda anadutsa pakati pa chipinda osafulumira, jombo zikulemba matope pa matabwa amene ankawakwecha chogwada. Anakoka mpando wa Dona Leonor. Anakhala. Utsi unkawazungulira, koma iwo osatsokomola ngakhale kamodzi.

"Eya, zabwera," anatero. "Tsekani mazenera onsewo, akukoka utsi. Iwe, pita kuchitseko cha kumaso. Utsegule mpata wokwana chikhatho, osapitirira. Nyumba iyi imapumira pamenepo."

Fausto anathamanga, natsegula. Mphepo yozizira inalowa ndi pansi, n'kudutsa m'miyendo ya matebulo. Malawi anaweramira mkati, anadzuka, ndipo utsi unayamba kulowa m'chumuni mwaulemu ngati ana a sukulu aona mphunzitsi. Kabelu kanaleka. Alendo anawomba m'manja kachiwiri, ena akujambula mayi Deolinda.

Fausto anasiya chitseko kuti abwerere. Mphepo inachimenyetsa, phaa! Chumuni n'kulavula utsi wina. Anatsegulanso n'kuikapo mpando. Chitseko chinaukankha pa matailosi onyowa ngati chidole. Anakodola woperekera zakudya kuti adzagwire.

"Asiye amenewo, ali ndi ntchito," anatero mayi Deolinda mokweza. "Dona Leonor ankati chitseko chimagwiridwa ndi munthu amene m'nyumba angathe kukhala popanda iye."

Operekera zakudya onse anapeza mwadzidzidzi choyang'ana padenga. Fausto anagwira chitseko.

Supu anabwera, wa mbatatesi ndi masamba odula ngati ulusi, kachidutswa ka soseji kakuyandama pakati, pambali pali buledi wa chimanga. A Belmiro ananyema bulediyo n'kumuviika.

"Ndiye inu munkaima paja?" anafunsa motsitsa mawu.

"Chakudya chonse, mphepo ikachokera kunyanja. Kuyambira supu mpaka khofi. Akabwera alendo, maola atatu. Zala zinkauma mpaka kulephera kumasula epuloni."

"Simunandiuzepo."

"Munali otanganidwa ndi zam'mimba."

Mayi Deolinda ananyamula supuni yasiliva, nalawa. Anatsamira mpando kuti amve bwino kukhala kwake, nakweza maso. Apo ndi pomwe supuni inaima m'malere.

Kuchokera pampando umenewo, maso ankadutsa pakhomo la chipinda n'kukagwera ndendende pachitseko. Fausto ankaoneka yense: dzanja la suti litanyowa mpaka m'chigongono, zala zitayera, akusinthanitsa miyendo, chibwano chikunjenjemera. Palibe chimene chinkabisika.

Zaka makumi asanu ndi mphambu mayi Deolinda ankadziuza kuti Dona Leonor sankadziwa. Munthu ali pamoto, ankati, sangaone za kumdima wa pakhomo. Nthawi zina ankawaikira kumbuyo ndithu, Graciete akayamba kutukwana anthu olemera.

"Ankandiona," anatero.

"Mwati?"

"Mayi uja. Ankandiona bwinobwino. Ankamwa supu akundiona."

A Belmiro, amene pakamwa pawo sipankasowa mawu ngakhale pamaliro, anangoika buledi pansi.

Mayi Deolinda anamwa supuni ina. Anayesa yachitatu, maso ali kuchitseko. Anaibweza m'mbale.

"Mwanawe!" anaitana ndi mawu aja oitanira ng'ombe kutsidya kwa phiri, mpaka alendo onse anacheuka. "Gwada. Kuseri kwa chitsekocho, m'munsi, pakhoma, papasa. Pali ngowe yachitsulo. Mwaimata ndi penti, koma ilipo."

Fausto anagwada, phazi lili pampata, napapasa. A Belmiro anadzuka, natulutsa kampeni kawo ka m'thumba, n'kupita kukamuthandiza kupala pentiyo. Ngowe inatuluka ikulira dzimbiri. Kamphete kake kanali pachitseko pomwepo, nakonso komatidwa. Ataikola, chitseko chinaima chokha, mpata wokwana chikhatho, osapitirira. Mphepo inakankha, inakoka, chitseko osasuntha.

Fausto anabwera patebulo akupuma m'manja mwake kuti afunde. Mawondo a suti anali akuda.

"Ngowe imeneyi inalipo nthawi yonseyi?"

"Anaikhoma ine ndisanabadwe."

"Nanga inuyo munkagwiriranji?"

"Dona ankati ngowe imakanda penti."

Fausto anayang'ana zala za mayiwo, zopindika, zitagwira supuni yasiliva ngati chikwakwa.

"Mayi, pa za kanjira zija..."

"Mwala wa sitepe yachitatu uja ukonzetse. Ophika ako amadutsa pamenepo atanyamula miphika. Ndipo kadzanja ka pachitseko kamafuna phulusa ndi viniga, osati malovu."

"Ndamva, mayi. Pali china?"

"Supuyu alibe mchere."

"Ndibweretsa."

"Aphwanga," analowerera a Belmiro, "kukhitchiniko simungapezeke kambale ka zam'mimba, ngakhale kamene amadya antchito?"

"Musawamvere, akudwala mutu chichokereni chipewa," anatero mayi Deolinda.

Woperekera zakudya wina anafika ndi chokolopera, akuyang'ana mapazi amatope amene anayambira pakhomo la kumaso mpaka pampando. Mayi Deolinda anatukula chala.

"Asiyeni kaye amenewo. Mukolopa ndikapita."

Kenako anavula chikhoti, nachikoleka pamsana pa mpando, natambasulira jombo kumoto.

"Bwera nalo pepala la mndandanda wa zakudya," anamuuza Fausto. "Ndiyambira pamwamba."

A Belmiro anapumira m'mwamba, nayang'ana uku ndi uku, n'kumasula lamba.