Mpeni Woletsa Mvula

"Ine ndikabaya mpeni pansi, mvula imabwerera komwe yachokera," anatero a Don Filemón, wapampando wa komiti ya makolo, akugula tamale, chakudya cha ufa wa chimanga chophikidwa m'makoko, pachipata cha sukulu. Ankalankhula uku akupotokola ndevu zawo zapamlomo, zomwe m'tauni mwathu zinkalemekezedwa kuposa meya.

Ine ndinangomeza khofi wanga. Koma ana a m'kalasi mwanga, omwe sabata imeneyo ndinkawaphunzitsa kufunsa kuti "mwadziwa bwanji?", anali atamva kale.

"Bambo, mwadziwa bwanji?" anafunsa Xóchitl, kamtsikana kopanda mano akutsogolo.

"Iwe, ndinayamba kubaya mipeni amayi ako asanabadwe! Paukwati wa mwana wanga sipanagwe ngakhale dontho."

"Unali mwezi wanji?"

Unali Malichi, mwezi umene kwathu kuno ngakhale achule amayenda ndi ludzu.

A Don Filemón anapsa mtima. Analumbira pamaso pa mayi wogulitsa tamale uja kuti mpeniwo ukalephera, ndevuzo zimetedwe.

Anawo anadikira Julaye, pakatikati pa dzinja kwathu kuno. Anagwirizana kuti tsiku lobaya lisasankhidwe ndi munthu woyang'ana mitambo, koma aziponya kandalama kachitsulo m'mwamba. Kakagwa mbali yojambulidwa chiwombankhanga, a Don Filemón abaye. Kakagwa mbali inayo, mpeni utandale kukhitchini. Pabwalo anaikapo chitini cha tsabola choyezera madzi.

Mvula inagwa masiku a mpeni. Inagwanso masiku opanda mpeni. Chitini sichinakondere.

"Mpeniwu ndi wobuntha," anatero a Don Filemón. Ana anaunola. Inagwa.

"Dothi la pasukulu n'la boma, silimva." Anakabaya kumunda kwawo. Inagwa mpaka kukokolola nyemba.

"Ndikanapanda kubaya, bwenzi itagwa yoposa pamenepa."

"Nanga zimenezo tingaziyese bwanji, bambo?" anafunsa Xóchitl. Wapampando anangotsokomola.

Lachisanu tinaika mpando wometerapo ndevu zija pakati pa bwalo. Kunabwera makolo, meya, ndi Chucho wometa tsitsi. Akazi awo a Don Filemón, a Doña Remedios, omwe anadana nazo ndevuzo kuyambira tsiku la ukwati wawo, anayang'ana mitambo yakuda bii, n'kubaya mpeni pansi kuti mwambo usasokonezeke.

Sinagwe.

"Mwaonatu! Mwaonatu!" anakuwa a Don Filemón, thovu la sopo lili mbuu pamlomo.

"Tsiku limodzi si umboni, bambo," anatero Xóchitl.

Chucho anagwedeza mutu kuvomereza, lumo n'kudutsa.