Malo a Justino m'Makina

Makinawo ankayaka pokhapokha asilikali a pamadzi akapatulako dizilo. Jenereta ikangotsokomola kuseri kwa ofesi, Yudita ankasiya chilichonse chomwe chili m'manja, kaya ndi chinangwa chovunditsa kaya usipa wa pathandala, n'kumanga chitenje chake cha kapulana n'kuyamba kukwera chitunda cha ku Metangula.

Ofesiyo inali chipinda chimodzi cha bungwe lofufuza anthu otayika pankhondo. Munali tebulo, mipando iwiri, ndi kompyuta imene amayi ankangoitcha makina. Woigwira anali Virgílio, mnyamata wa ku Quelimane, woonda, wa Chinyanja chothyokathyoka. Ntchito yake inali kulemba mayina ndi zizindikiro za otayika. Ana akatuluka kutchire ku Lichinga, kapena akapezeka kutsidya ku Likoma, ambiri sankatchula mayina awo enieni. Ena ankaopa, ena anali ataiwala. Ndiye a bungwe ankawayang'ana m'thupi n'kufananiza ndi zomwe makolo analembetsa.

Mwana wotayika wa Yudita anali Justino. Anthu a mfuti anamupeza kumunda kumtunda kwa Cobue, anamusenzetsa thumba la makaka, n'kulowa naye m'mapiri. Anali asanamere ndi kamwefu komwe. Kuchokera pamenepo mvula inagwa, inaleka, inagwanso kangapo. Yudita anathawira ku Metangula ndi ana aakazi awiri, ndipo ofesi itatsegulidwa anali m'gulu la oyamba kulembetsa.

Kulembetsa n'kamodzi, koma iye sanaleke kubwera. Ulendo uliwonse ankabwera ndi kanthu kena komwe wakumbukira akusinja kapena akuchapa.

"A Virgílio, muwonjezere kuti amaimba mluzu akamasoka ukonde."

"Mama Yudita, mluzu si chizindikiro."

"Inu lembani. Zala zanu zikupweteka?"

Virgílio ankalemba. Analemba za mluzu, za malaya a buluu a kusukulu ya mishoni, zoti sadya therere, zoti akakwiya amachita chibwibwi, zoti ankaimba kutsogolo m'kwaya ya Sande sukulu. Yudita akaona zilembo zobiriwira zikutuluka pagalasi lakuda lija, mtima unkakhala pansi pang'ono. Zinali ngati wamuyalira mphasa mwanayo penapake pouma.

Panali chinthu china chomwe ankadzera. Nthawi iliyonse makina akangoyaka, Virgílio ankalemba zilembo zitatu, d, i, r, n'kugogoda batani lalikulu. Mizere inkathamanga kukwera m'mwamba, ndipo pansi penipeni pankatsala nambala yaitali, pambali pake mawu akuti livres. Yudita anaphunzirako kuwerenga ku mishoni. Chipwitikizi ankangochitola apo ndi apo, koma livre ndani sankalidziwa? Ankalimva pawailesi, ankalimva pamisonkhano: munthu womasulidwa. Sanafunse wina. Anangoona kuti makinawo amawerenga anthu omwe atuluka m'manja mwa a mfuti m'dziko lonse, ndipo nambala yaitali choncho sikanalephera kukhala ndi Justino mkati, ngati si lero ndiye mawa lake.

Amayi odikira pansi pa mtengo wa mango anazolowera kumufunsa akamatuluka.

"Lero angati, a Yudita?" ankayamba ndi Florinda, mnzake wa ku Cobue yemwe mwamuna wake anasowa pamsewu.

"Ambiri ndithu. Nambala yake sungaitchule ndi mpweya umodzi."

Koma nambala ija inkachepa. Poyamba Yudita ankati maso ake ndiwo akunama. Kenako inaduka mutu, inatsala yaifupi. Iye anaganiza kuti omasulidwa aja akugwidwanso, kapena akufera m'njira, ndipo sanauze amayi aja. Ankangoti, "Alipo."

Tsiku lina boti linabwera kuchokera ku Meluluca litadzaza mpaka m'milomo. Mudzi wina kumeneko unali utatenthedwa. Jenereta italira, mzere unatuluka pakhomo la ofesi mpaka kukafika pamsewu, nkhope zachilendo zokhazokha, ena mapazi otupa. Yudita, dengu lili m'manja, anadutsa onsewo ngati mwini nyumba, n'kuima kumbuyo kwa Virgílio nthawi yomwe ankalemba zilembo zitatu zija. Nambala inatuluka yaifupi kuposa kale lonse.

"Kodi akupita kuti anthuwa?" anafunsa.

"Ati?"

"Omasulidwawa. Chaka chatha anali ochuluka. Lero atsala awa. Akuwagwiranso?"

Virgílio anayang'ana chala cha Yudita pagalasi, anayang'ananso nkhope yake. Anachotsa manja pamabatani.

"Mama, awa si anthu."

"Palembedwa livres. Kuwerenga ndimatha."

"Eya, livres. Koma ndi malo. Malo opanda kanthu." Anasakasaka mawu a Chinyanja. "Mkati muno muli disiko. Zonse timasunga mmenemo. Chilembo chimodzi, malo amodzi. Ndikalemba dir, makina amandiuza malo otsala. Ndikalemba munthu, malo amachepa."

Yudita anakhala pampando wachiwiri uja osauzidwa. Kunja mwana wina ankalira, mayi ake akumutonthoza m'Chiyao.

"Ndiye nthawi yonseyi mumayeza ngati boti ladzaza."

"Choncho kumene."

"Osandiuza bwanji?"

"Sindinadziwe kuti mumawerenga pamenepo."

Anafuna kumukalipira, koma panalibe pogwira. Mnyamatayo sananame. Ananama ndi iye mwini, pansi pa mango, kwa amayi anzake.

Virgílio anakanda m'mutu. Anati popeza nkhani yayambika, panali china chomwe wakhala akuzengereza kunena. Disiko ina analonjezedwa kuchokera ku Lichinga, koma msewu unkadutsika pokhapokha asilikali akaperekeza magalimoto, ndipo sizinkadziwika kuti adzaperekeza liti. Timadisiko tating'ono tosungirapo zapadera tinachita nkhungu m'dzinja. Zonse zosafunika anali atafufuta kale. Akuluakulu anatumiza mawu pa wailesi ya asilikali: otayika akalekale atsale ndi dzina, mudzi, makolo, ndi mizere itatu ya zizindikiro. Zina zonse zichoke kuti atsopano alowe.

"Ena onse ndadula kale," anatero. "Watsala Justino."

"Wanga yekha?"

"Wanu ndiye wamtali kuposa onse, Mama. Malo ake n'kulembapo ana a mabanja awiri. Awa ali panjawa sakwana ndikapanda kudula."

Anagogoda mabatani, dzina la Justino linatuluka pamwamba. Pansi pake zilembo zinadzaza galasi lonse. Anagogodanso, linadzazanso. Anagogodanso.

"Ndikhoza kukukoperani papepala musanataye," anatero Virgílio.

"Pepala ndilitani ine? Zimenezi ndinabwera nazo ndine, ndikuzidziwa. Ndimafuna azidziwe anthu a ku Lichinga."

"Ndiye sankhani zitatu. Ine sindisankha."

Anayamba kumuwerengera, akutembenuza Chipwitikizi chake mwapang'onopang'ono. Malaya a buluu, thumba lakumanzere long'ambika.

"Chotsani. Malaya amenewo anasanduka sanza kalekale."

Msinkhu: amalekeza paphewa la mayi ake.

Yudita anagwira phewa lake mosadziwa. Bambo ake a mwanayo anali munthu woweramira pakhomo polowa. Panopa Justino akanakhala akuyang'ana pamutu pa mayi ake, n'kumaona imvi.

"Chotsani."

Mawu oonda, amaimba kutsogolo m'kwaya.

"Mawu anasintha amenewo. Sindinawamve n'komwe atsopanowo. Chotsani."

Therere linachoka, chifukwa kutchire munthu amadya chomwe wapeza. Mluzu anaukanirira pang'ono. Anafunsa ngati sungalowe kumapeto kwa mzere wina, ndi mawu awiri okha. Virgílio anati ungalowe. Yudita anaganiza, n'kupukusa mutu. Sankadziwa ngati mwana wosenza katundu wa anthu a mfuti amaimbabe mluzu, ndipo sanafune kuti wina ku Lichinga amubweze mwanayo chifukwa choti saimba.

Chipsera cha mbedza pachala chachikulu chakumanzere chinatsala. Dzino lakutsogolo lobenthuka, lomwe anagwa nalo pamwala wochapira, linatsala.

"Wachitatu?" anafunsa Virgílio. "Chibwibwi chija?"

"Ana onse otuluka kumeneko amachita chibwibwi. Ndawaona." Kenako anati, "Lembani Kausipa."

"Usipa? Nsomba?"

"Ka-u-si-pa. Anabadwa wochepa, azakhali ake n'kumutcha choncho. Ndi dzina la m'nyumba. Ankadana nalo koopsa, anandiletsa kulitchula pa anzake, n'chifukwa chake sindinakuuzeni. Dzina la Justino akhoza kulikana, angoti si ine. Koma wina aime kumbuyo kwake aitane Kausipa. Akwiya, koma acheuka."

Virgílio analemba mzerewo monga ananenera, ndi zoti aime kumbuyo zomwe. Kenako anagogoda batani lina, pansi pagalasi panatuluka funso.

"Makina akufunsa ngati mwatsimikiza."

"Auzeni kuti sindinatsimikize, koma afufute."

Sipanamveke kanthu. Yudita ankayembekezera kaphokoso, ngakhale kakang'ono, koma galasi linangophethira, pansi pa dzina la mwana wake n'kutsala mizere itatu ndi mdima waukulu. Virgílio anachita zina zomwe anati n'kukusa malo omwe atsegukawo pamodzi, disiko inalira ngati chiwala, kenako analemba d, i, r. Nambala ija inatuluka itatalikirako.

Florinda anasuzumira pawindo. "Mwakhalitsatu. Lero angati?"

"Ndikupezani pansi pa mango, ndikufotokozereni bwino. Musachoke."

Yudita anadzuka kuti apereke mpando. Woyamba pamzere anali mayi wamng'ono wa ku Meluluca, mpango wakuda kumutu, dzina lake Siti. Chipwitikizi sankachidziwa, Chinyanja chake chinali chosakaniza ndi Chiyao, ndipo Virgílio atamufunsa kawiri osamvana, anayang'ana Yudita. Yudita anapumira m'mwamba, anaika dengu lake pansi, n'kuima pambali pa mayiyo.

"Dzina la mwana, amayi."

"Jafari."

"Bambo ake?"

"A Hemedi. Anawapha."

"Pepani. Tsopano mvetsani, malo ndi ochepa. Munene zinthu zitatu zoti munthu wosamudziwa amuzindikire nazo."

"Anavala malaya ofiira," anatero Siti mofulumira, ngati wakhala akuwasunga mawuwo m'kamwa ulendo wonse wa pa boti. "Ndinasoka ndekha. Mabatani ake ndi osiyana, awiri oyera, limodzi la chitsulo."

"Malaya asiyeni. Amatha, ndipo ana amakula. Chipsera ali nacho?"

"Alibe."

"Ganizani bwino. Kugwa, kupsa ndi phala, mbedza, chilichonse."

"Alibe. Sindinkamulola kupita kunyanja. Sanagwepo."

"Dzino? Kadontho kobadwa nako? Dzina lina loti amakwiya nalo?"

Siti anapukusa mutu pa chilichonse. Mwanayo anali wamng'ono, mano ake anali akadali a mkaka, dzina anali nalo limodzi. Anayang'ana Yudita, anayang'ana galasi lomwe sankatha kuliwerenga, n'kubwereza motsitsa mawu kuti batani limodzi linali la chitsulo.

Virgílio anadikira, zala zili m'mwamba. "Ndilembe chiyani, Mama Yudita?"

Yudita anayang'ana mzere wa panja, anayang'ana mutu wa Siti womwe unali utawerama.

"Lembani malayawo," anatero. "Ndi mabatani omwe. Malowo ndapereka ine."