Pempho Loyamwitsa Mwana

Ndinalota nditabereka Tadala, mwana wanga woyamwa, ndili m'chipinda cha maseva, makompyuta akuluakulu osunga mauthenga, ku likulu la unduna wathu. Kumeneko n'komwe andisankha kukagwira ntchito, ndipo kunyumba anagwirizana kale zoti mwanayo atsale kwa apongozi.

M'chipindamo munkazizira ngati m'filiji. Mawaya ochokera m'maofesi a m'maboma onse anayanga padenga ngati maungu, timagetsi tobiriwira tikuphethira.

Bwana anati, "Amake Tadala, dinani apo."

Nditadina, mapulinta a dziko lonse anayamba kulira pamodzi. Mapepala ofunda ankandigwera kumaso, alembi akululutira. Ine wamanyazi uja ndinavina mpaka nsapato inavuka!

Kenako Tadala analira. Ndikuti ndimasule chitenje, bwana anandigwira mkono.

"Ayi mayi, zonse tsopano zimadutsa ku likulu. Tumizani pempho."

Ndinatumiza. Kompyuta inayankha kuti ndidikire.

Ndinadzidzimuka malaya atanyowa ndi mkaka, mtima ukuvinabe. Kaya malotowa akundiletsa kaya akundikankha, sindikudziwa. Nditawafotokozera amuna anga, anaseka.

"Ndiye ntchitoyo mukana?"

"Kukana? Ndikupita, bambo a Tadala! Koma mukawauze nokha amayi anu kuti mwanayu ndikupita naye."