Manda a M'dimba la Mpiru

Hrang Kam anamwalira mvula ili pakati, msewu wa ku Hakha utagumuka. Mkazi wake, Ngun Tial, atamusambitsa anaima pakhonde n'kuyang'ana mudzi wawo wa Sihlang: nyumba zokakamira paphompho ngati zisa za namzeze, zambiri zili ndi maloko adzimbiri. Anyamata onse anathera ku Malaysia. Amuna otsala anali anayi, mmodzi woyendera ndodo.

Manda a mudziwo ali pamwamba penipeni pa phiri, ndipo bokosi silifikako popanda amuna ambiri olandizana.

"Alamu, tisanamizane," anatero Za Mang, mng'ono wa malemuyo, akusisita mawondo. "Tikangoyesa ife, mukumbiratu manda awiri."

"Kumudzi wa tsidya lija kuli amuna," anatero Ngun Tial.

"Kwa akuba madzi aja? Mwaiwala kuti achimwene ankawagwetsera mipope yawo yansungwi?"

Ngun Tial anapitabe. Tambala wa tsidyalo amamveka ku Sihlang, koma kuti ukafike umatsika mpaka kumtsinje n'kukweranso, dzuwa n'kupendeka. Anafika misundu itamuyamwa miyendo yonse, n'kupeza abusa ali okha padenga la tchalitchi, akukhoma lata.

"Za mipopezo zinatha kalekale, mayi," anatero abusawo atatsika. "Madziwo angotayika masiku ano, akumwa ndani? Koma taonani nokha."

Pabwalo panali nkhalamba zitatu zikutong'ola chimanga, ndi tiana tosiyidwa ndi amayi awo.

"Ine mlongo wanga ndinamuika kuseri kwa khola," anatero abusawo.

Anabwerera ndi abusa okhawo. Hrang Kam anamuika m'dimba la mpiru kumunsi kwa nyumba, poti m'pamene dothi linali lofewa.

M'mawa mwake Ngun Tial anakwera yekha kumanda kuja, chifukwa foni imagwira kokhako. Anakhala pamwala wa apongozi ake n'kuimbira mwana wake, Bawi Thang, ku Malaysia.

"M'dimba, amayi? Bambo anga ngati galu?" anatero mwanayo, makina akulira kumbuyo kwake. "Anthu akamva atiseka."

"Anthu ake ati?"

"A kwathu. Lamlungu timadzaza tchalitchi kuno."

"Uwauze aseke ndithu. Mapewa ali nawo konko."

Anadula foni. Atatsika anapeza nkhumba za Za Mang zayamba kale kufukula mtumbira. Anazigenda, kenako anazula nsungwi za mpanda wa nyumba ina yotseka n'kuyamba kutchinga.