Masamba a Mapeyala

Aliness ndi Fauzia anadziwana pabenchi la kuchipatala, onse ali ndi khansa ya khomo la chiberekero, yomwe madokotala anati yafalikira. Aliness ankachokera ku Nazombe, Fauzia kuminda ya mpunga, cha kunyanja ya Chilwa.

Tsiku lina a Kaliati, anamwino awo, anawauza kuti ku Blantyre akuyesa mankhwala atsopano ndipo malo otsala ndi amodzi. Ananenetsa kuti palibe akudziwa ngati amachiza. Akufuna kuona kaye mlingo womwe thupi lingapirire. Onse awiri ayezedwa magazi Lachinayi linalo.

Aliness anangogwira mawu oti kuyezedwa. Amenewa ndi mayeso, ndipo mayeso munthu amakonzekera. Fauzia anali wonenepako, amuna ake ankamubweretsa panjinga yamoto atamuyalira chitenje pampando. Aliness ankabwera pakabaza, yekha, ana atatu atawasiya kwa achemwali ake. Ayi, izi zokha Fauzia asamulande. Sabata yonse anaphika masamba a mapeyala, n'kumamwa madzi ake ofiira m'mawa ndi masana kuti magazi achuluke, kuonjezera botolo la zitsamba logula pamsika.

Lachinayi a Kaliati anafunsa ngati alipo wamwa mankhwala ena. Fauzia anati ayi. Aliness anafotokoza zonse monyadira, mpaka kukula kwa kapu.

A Kaliati anaika cholembera pansi. "Mayi, lamulo lake ndi masabata anayi osamwa china chilichonse. Mukadwala, tidziwa bwanji chomwe chakudwalitsani?"

"Ndiye ndalephera chifukwa chokonzekera?"

Malo aja anatenga Fauzia.

Patatha mwezi Aliness anamva kuti mnzake wabwerako, ndipo anapita kukamuona. Mumtima ankafuna akaone ndi maso ake ngati wachira. Anamupeza ali gone pamkeka, ataonda, m'kamwa muli zilonda, phala likumukanika. Fauzia anati mankhwalawo amamusanzitsa mpaka ndulu, koma Lolemba galimoto ibweranso kudzamutenga.

"Mwapulumuka, asisi," anatero Fauzia.

Aliness anamupukuta pakamwa, n'kumukonzera mpango kumutu. Ankayang'ana kapulasitala kamene kanali pamkono pa Fauzia, pomwe anamubaya jakisoni, mtima ukumuwawa. Munthu uyu Lolemba lake analidziwa. Kunali anthu omudikira, olemba ngakhale masanzi ake.

"Mukapita muwafunse," anatero Aliness. "Wina akasiya, ine masabata anga anayi akwana."